Kansa ya Prositeti: Kodi Pepala la ku Labu Likamba Zotani?

Kucokera mu Lusaka kukafika pa boma la Chongwe, kutsata mseu wa Great East, pali mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45. Pakati pa anthu amene amakwera maminibasi a pa mseu umenewu madzulo, pamakhala abambo acikulire ocokera ku cipatala, pepala lili lopinda m'thumba la jekete. Pepalalo ndi la m'Cingerezi ca madotolo, ndipo ngakhale mwana wa Giredi 12 akaliwerenga pa nyumba amangotolapo liu limodzi kapena awiri. Pena pake palembedwa kuti "adenocarcinoma". Pansi pake pali masamu ooneka ngati a mwana wa Giredi 1, monga 3+4=7 kapena 4+5=9.

Banja likangomva kuti ndi kansa, maganizo onse amathamangira ku maliro. Koma dotolo akagwira pepala lomwelo amakhala ndi funso lina. Iye afuna kudziwa ngati matendawa akali m'kati mwa prositeti kapena atuluka kale kupita ku ziwalo zina, ndiponso ngati ali oyenda pang'ono-pang'ono kapena othamanga. Mbali yaikulu ya yankho ili m'manambala ang'ono-ang'ono aja.

KACIWALO KONGA SUKU

Prositeti ndi kaciwalo ka amuna okha. Kali kunsi kwa cikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulukira cimbudzi, ndipo mwa mnyamata kamakhala ka msinkhu wa suku limodzi, kolemera magalamu pafupi-fupi 20. Njira ya mkodzo imapyola pakati pake. Nchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna.

Mwamuna akapyola zaka 50, prositeti imayamba kukula ndi kufinya njira ya mkodzo. Bambo amauka katatu kapena kanayi usiku, mkodzo umacedwa kuyamba, ndipo ukayamba umatuluka mofooka. Kukula kotere nthawi zambiri si kansa ai, ndi ukalamba cabe, ndipo kuli mankhwala ake. Cobvuta ndi cakuti kansa yeni-yeni imakonda kuyambira ca kumbuyo kwa prositeti, kutali ndi njira ya mkodzo, kotero imatha kukhala zaka zingapo osabvutitsa munthu. Ndiye cifukwa cake abambo ambiri a m'dziko muno amafika ku cipatala pamene msana wayamba kale kuwawa usiku, kapena mkodzo watsekekeratu.

Matendawa ali pakati pa mitundu ya kansa imene ipezeka kwambiri mwa amuna a mu Zambia. Pa dziko lonse lapansi, amuna oposa 1.4 miliyoni anapezeka nao m'caka ca 2022, ndipo akatswiri amene analemba lipoti m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2024 anawerengera kuti pofika 2040 ciwerengeroci cidzafika pa 2.9 miliyoni pa caka. Amuna akuda amadwala kansayi kaŵiri-kaŵiri kuposa azungu. Ku Britain amawerengera kuti mwamuna wakuda mmodzi pa anayi alionse adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa amuna onse pamodzi ndi mmodzi pa 8. Amene atate ake kapena mbale wake wa mimba imodzi anadwalapo ali pa ciopsezo cokulirapo.

Bambo wa ku Kanakantapa, ku Chalimbana kapena wa m'komboni pa Chongwe amayambira pa kiliniki ya kwao, kucoka apo pa cipatala ca boma ca Chongwe. Mapimidwe oyamba ndi awiri. Koyamba ndi magazi, kuona mlingo wa cinthu cochedwa PSA cimene prositeti imapanga. Kaciwiri dotolo amabvala gulovu ndi kukhudza prositeti ndi cala kudzera ku njira ya cimbudzi. Abambo ambiri amakana pamenepa, ati ndi cipongwe kwa munthu wamkulu, pamene kupimako sikutha ndi mphindi imodzi yomwe. PSA ikapyola 4 madotolo amachera khutu, koma kukwera kwake sikutanthauza kansa nthawi zonse, pakuti prositeti yokula, matenda a m'njira ya mkodzo, ngakhale kapaipi ka mkodzo kongoikidwa kumene, zonsezi zimaikweza. Ngati zotuluka zikayikitsa, wodwala amatumizidwa ku zipatala zazikulu za mu Lusaka, monga ca Levy Mwanawasa ca pa Chainama, cimene cili pa mseu womwewo wa Great East, kapena ku UTH. Kumeneko ndi kumene kumamveka liu lakuti biopsy.

KUBAYA THUMBA LA CIMANGA

Mlimi aliyense wa ku Chongwe adziwa zimene zimacitika pa depoti yogulira cimanga. Wogula samasula thumba lonse. Amalibaya ndi kacitsulo apa ndi apo, ndi kuyang'ana maso a cimanga amene atuluka, ngati ali ouma, ofumbwa kapena oola. Biopsy ndi cimodzi-modzi. Dotolo amalasa nyeleti yopha ululu, ndipo ndi singano yopyapyala amatapa tinyama tating'ono m'mbali zosiyana-siyana za prositeti, kudzera ku njira ya cimbudzi kapena pa khungu la pakati pa miyendo. Kanyama kamodzi kamaonda ngati ulusi wosokera nsapato, kutalika kwake sikupyola masentimita awiri. Pamene njirayi inakhazikika ca m'ma 1989 anali kutapa tinyama 6. Masiku ano amatapa 10 kapena 12, cifukwa anaona kuti 6 tinali kuphonya kansa mwa anthu ambiri.

Nchito yonse imatha m'mphindi 15 kapena 20, ndipo munthu amabwerera ku nyumba tsiku lomwelo. Timagazi mu mkodzo kwa masiku ocepa, kapena mu umuna kwa masabata angapo, si cinthu coopsa. Coopsa ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena kulephereratu kukodza. Zikatero munthu asayembekezere kuti kuce, ndipo asaganize kuti ndi malungo wamba. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi, monga warfarin kapena aspirin, ayenera kuuziratu dotolo lisanafike tsiku.

M'makomboni muli mau ofala akuti kansa ikakhudzidwa ndi citsulo imalusa ndi kubalalika thupi lonse. Mau amenewa acedwetsa anthu ambiri. Cimene cimacitika ndi cakuti munthu amafika ku cipatala matenda atapita kale patali, amamutapa tinyama, patapita miyezi ingapo afooka, ndipo abale amaloza cala singano. Koma singano inangoulula zimene zinalipo kale.

Tinyamato amatiika m'tumabotolo twa mankhwala ochedwa formalin kuti tisaole, ndi kutitumiza ku labu. Kumeneko amatiumitsa m'phula, kutidula mopyapyala kuposa pepala la fodya, kutipaka utoto, ndipo katswiri wopima tinyama amatiyang'ana pa maikulosikopu. Akatswiri otere ndi ocepa m'dziko muno poyerekeza ndi nchito imene ilipo, kotero zotuluka zimatha kutenga masabata angapo. Nthawi yoyembekezayi ndiyo imasowetsa banja tulo, ndiponso ndi nthawi imene ogulitsa mizu ndi mabotolo a "kutsuka prositeti" pa masiteshoni a basi amapezerapo makasitomala.

MASAMU A DOTOLO GLEASON

Masamu aja a 3+4 ali ndi mwini wake. Iye anali Dotolo Donald Gleason, katswiri wopima tinyama pa cipatala ca asilikali opuma pa nchito mu mzinda wa Minneapolis ku America. M'caka ca 1966 iye anafalitsa njira yosavuta yogawira kansa ya prositeti. M'malo moyang'ana selo limodzi-limodzi, anayang'ana kamangidwe ka maselo onse pamodzi, ndi kukagawa m'magulu asanu, kuyambira 1 kufika 5.

Kuti zimveke, prositeti yabwino ili ngati malo okhala anthu opimidwa bwino, kumene nyumba iliyonse ili pa poloti yake, ndi khoma lake, ndi kanjira pakati. Mu nambala 3, nyumba zacepa ndipo zathithikana, komabe iliyonse ikali ndi khoma lake-lake, munthu angathe kuiloza ndi kuizungulira. Mu nambala 4 makoma agwirizana, nyumba zalowana, sizidziwikanso kuti iyi yathera pati ndipo inzake yayambira pati. Nthawi zina zimaoneka ngati sefa ya ufa, cinthu cimodzi cokhala ndi mabowo ambiri. Mu nambala 5 mulibenso nyumba, muli cabe mulu wa njerwa zomwazikana. Kansa imene yaiwala kamangidwe ka kwao motere ndiyo imene sicedwa kutuluka m'malire. Nambala 1 ndi 2 sizilembedwanso pa mapepala a biopsy masiku ano.

Popeza kansa imodzi ikhoza kuonetsa mitundu iwiri ya kamangidwe, katswiri amalemba manambala awiri. Yoyamba ndi ya mtundu umene waoneka kwambiri. Yaciwiri ndi ya mtundu woipa koposa mwa zotsalazo. Akaziphatikiza ndiye pamatuluka 6, 7, 8, 9 kapena 10.

Apa pali misampha iwiri imene imasokoneza mabanja. Woyamba ndi wakuti munthu akaona 6 amaganiza kuti ndi 6 pa 10, ndiye kuti matenda apyola theka la ulendo. Si tero ai. Pa mapepala a lero 6 ndiye nambala yotsika koposa, ndipo kansa yotere siipita-pita ku ziwalo zina. Akatswiri a ku America atapenda mu 2012 maprositeti oposa 14,000 amene anacotsedwa pa opareshoni ali ndi Gleason 6 kapena kucepera, anapeza kuti ocepa kwambiri amene kansa inafika ku anabere, powayang'ananso bwino, anali ndi kamangidwe koipirapo kamene kanaphonyedwa poyamba.

Msampha waciwiri ndi wa 7. Ku sukulu 3+4 ndi 4+3 ndi cinthu cimodzi, koma ku labu ndi zosiyana. Mu 3+4 mtundu wofatsa ndiwo waculuka. Mu 4+3 woipa ndiwo waculuka, ndipo mpata wakuti kansa yatuluka kunja kwa prositeti ndi wokulirapo. Abambo awiri angakumane pa benchi la cipatala, onse ndi kunena kuti "yanga ndi 7", koma wina ndi kuuzidwa zosiyana ndi mnzake, ndipo palibe dotolo amene walakwa.

Pofuna kuthetsa cisokonezo cimeneci, akatswiri opima tinyama anagwirizana mu 2014 za magulu atsopano asanu, ndipo bungwe la World Health Organization linawalandira mu 2016. Pa pepala amalemba kuti Grade Group kapena ISUP. Gulu 1 ndi Gleason 6. Gulu 2 ndi 3+4, gulu 3 ndi 4+3, gulu 4 ndi Gleason 8, ndipo gulu 5 ndi Gleason 9 kapena 10. Mapepala ambiri a masiku ano amaonetsa zonse ziwiri.

Cimene manambalawa amatanthauza cinaonekera poyera mu May 2025, pamene ofesi ya mtsogoleri wakale wa America, a Joe Biden, inalengeza kuti iwo apezeka ndi kansa ya prositeti ya Gleason 9, gulu 5, ndi kuti inali itafika kale ku mafupa. Ziwirizi, nambala yokwera ndi kansa ya m'mafupa, zimayendera pamodzi kaŵiri-kaŵiri.

ZINA ZA PA PEPALA LOMWELO

Gleason si zokhazo zimene dotolo amawerenga. Amayang'ananso kuti mwa tinyama tonse timene tinatapidwa, tingati tili ndi kansa. Tiwiri pa 12 ndi nkhani ina, 10 pa 12 ndi nkhani inanso. Amaona ngati kansa ili mbali imodzi ya prositeti kapena zonse ziwiri, ndiponso kuti m'kanyama kalikonse yatenga gawo lalikulu bwanji. Kansa ya mamilimita awiri m'kanyama kamodzi ndi yosiyana ndi imene yadzaza kanyama konse kucokera ku nsonga kufika ku nsonga.

Pali mau ena a Cingerezi amene nthawi zina amaoneka ca kunsi kwa pepala. Akalemba "perineural invasion" ndiye kuti maselo a kansa aoneka akutsata mitsempha ya minyewa, imene ndi ngati tinjira totulukira kunja kwa prositeti. Akalemba "cribriform" ndiye sefa ija yachulidwa kale, ndipo akatswiri apeza kuti pakati pa mitundu ya nambala 4, uwu ndiwo wosayenera kuunyalanyaza. "Intraductal carcinoma" nayonso ndi cenjezo lofanana. Ndipo akalemba "extraprostatic extension", ndiye kuti m'kanyama komweko kansa yaoneka italowa m'mafuta ozungulira prositeti, kutanthauza kuti mpanda wadumphidwa kale.

Kansayi ikatuluka ili ndi njira zake zodziwika. Imayamba yaboola cikopa ca prositeti, ndi kulowa m'timatumba tiwiri tosunga madzi a umuna timene tili kumbuyo kwake. Imapitanso ku anabere a m'kati mwa ciuno, tija timene tikatupa m'mphecepece anthu amati mwanabere. Ikayenda ndi magazi, malo amene imakonda koposa ndi mafupa: msana, ciuno, nthiti ndi nchafu.

KUPHATIKIZA ZITATU

Dotolo sadalira cinthu cimodzi. Amaika pamodzi zitatu: mlingo wa PSA, zimene cala cinamva, ndi zotuluka za biopsy. Zimene cala cinamva zimalembedwa ndi cilembo T. T1 ndi kansa yosamveka ku cala, T2 yomveka koma ikali m'kati, T3 yotuluka kunja, ndipo T4 ndi imene yagwira ziwalo zoyandikana monga thumbo.

Mu 1993 Dotolo Alan Partin ndi anzake a pa cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore anacita cinthu canzeru. Anatenga mabuku a amuna amene prositeti yao inacotsedwa pa opareshoni, ndi kuyerekeza zimene zinali kudziwika opareshoni isanacitike ndi zimene zinapezeka prositeti yonse itapimidwa. Pamenepo anapanga ndandanda zimene dotolo angayang'anepo ndi kunena kuti, mwa amuna 100 okhala ndi PSA yotere, Gleason yotere ndi T yotere, angati kansa inali ikali m'kati, angati inatuluka, ndipo angati inafika ku anabere. Mu 1997 anazikonzanso pogwiritsa nchito mbiri za amuna 4,133, ndipo zakhala zikukonzedwa kangapo kucokera nthawi imeneyo. Ku Milan, Italy, Dotolo Alberto Briganti anapanga kawerengedwe kena kamene kamaonjezapo ciwerengero ca tinyama tokhala ndi kansa, kothandiza dotolo wa opareshoni kusankha ngati acotse ndi anabere omwe.

Njira yosavuta kuikumbukira ndi ya Dotolo Anthony D'Amico ya mu 1998, yogawa odwala patatu. Ciopsezo ndi cocepa ngati PSA siinapyole 10, Gleason ndi 6, ndipo cala sicinamve kanthu kapena cinamva kadontho mbali imodzi. Ndi capakati ngati PSA ili pakati pa 10 ndi 20 kapena Gleason ndi 7. Ndi cacikulu ngati PSA yapyola 20, kapena Gleason ndi 8 kupita m'mwamba, kapena cotupa camveka cacikulu. Cimodzi cokha mwa zitatuzi cikakwera, munthu amakwera naco gulu.

Mwacitsanzo, ngati bambo wa zaka 68 ali ndi PSA ya 7, cala sicinamve cotupa, ndipo kansa ya 3+3 yapezeka m'tinyama tiwiri pa 12, mpata wakuti matenda afika ku mafupa ndi wocepa kwambiri, kotero dotolo sangamutume n'komwe kukajambulitsa mafupa. Angathe kumuuza kuti palibe cocotsa kapena kuocha pa nthawi ino, koma azibwera kudzapimitsa PSA miyezi ingapo iliyonse, ndi kubwerezanso biopsy nthawi ikakwana. Ku nyumba ana amakwiya, ati atate apezeka ndi kansa koma abwera opanda ndi mbulu umodzi womwe wa mankhwala, kapena madotolo afuna ndalama. Koma kuyang'anira kotere ndi njira yobvomerezeka pa dziko lonse. Ku Britain anatsatira amuna 1,643 okhala ndi kansa yopezeka msanga, ena anacitidwa opareshoni, ena anaochedwa ndi makina, ena anangoyang'aniridwa. Zotuluka za mu 2023 zinaonetsa kuti patapita zaka 15, pafupi-fupi 97 pa 100 sanafe ndi kansayi, ndipo kusiyana pakati pa magulu atatuwa kunali kocepa. Opareshoni nayo ili ndi mtengo wake pa thupi, pakuti ena amatsala akudontha mkodzo ndipo ambiri mphamvu za m'nyumba zimacepa. Colakwa cimene cimacitika ndi kutenga mau akuti "tiyang'anire" ngati akuti "mwacira", ndi kuleka kubwerera ku cipatala.

Tsono ngati bambo wina wa zaka 61 ali ndi PSA ya 38, prositeti yamveka yolimba ngati mwala mbali zonse, ndipo 4+5 yapezeka m'tinyama 10 pa 12, nkhani yasintha ngakhale iye akali kupalasa njinga ndi kulima munda wake popanda ululu. Dotolo adzafuna zithunzi za mafupa ndi sikani ya m'mimba ndi m'ciuno asanasankhe cocita, cifukwa mwa amuna otere ambiri kansa imakhala itatuluka. Apa masabata amawerengedwa, ndipo kuyembekeza kuti ayambe wakolola kapena agulitse ng'ombe ndi kutaya nthawi imene siibwerera. Pamene PSA yapyola 100 ndipo mafupa akuwawa kale, madotolo nthawi zina amayamba cithandizo osayembekeza pepala la ku labu.

PAMENE MASAMU AMAPEREWERA

Wobaya thumba la cimanga angathe kuphonya pamene pali coola. Biopsy nayo itero. Tinyama 12 ndi kagawo kocepetsetsa ka prositeti yonse, ndipo pa amuna amene pambuyo pake amacitidwa opareshoni, pafupi-fupi mmodzi pa atatu kapena anayi amapezeka kuti kansa yake inali ya gulu lokwera kuposa limene biopsy inaonetsa. Akatswiri awiri nawonso angasiyane pa kanyama kamodzi, wina kuona 3 pamene mnzake waona 4. Cotero ngati pepala likamba za kansa yofatsa koma PSA ili m'mwamba kwambiri, dotolo wosamala sakhutira, amafuna kujambula ndi makina a MRI kumene alipo kapena kutapanso tinyama tina. Cimodzi-modzi ngati biopsy siinapeze kanthu koma PSA ikwererabe.

Palinso cina coyenera kucidziwa. Ndandanda za Partin ndi zinzake zinapangidwa kucokera kwa amuna a ku America ndi ku Ulaya, ambiri a iwo azungu, amene kansa yao inapezeka msanga cifukwa copimitsa magazi caka ndi caka. Bambo wa ku Chongwe amene wafika ndi PSA ya mazana angapo safanana ndi amuna amenewo, ndipo kafukufuku wa ku South Africa waonetsa kuti amuna akuda a kumeneko amafika ku cipatala ndi PSA yokwera ndiponso kansa ya magulu oipirapo. Manambala amakamba za amuna 100 ofanana, sanena za munthu mmodzi kuti iye ali mbali iti. Ndiye cifukwa cake dotolo wabwino amakamba za mpata, ndipo salonjeza ciwerengero ca zaka.

Cithandizo cimatsata zimene zapezeka. Kansa ikali m'kati, njira ndi kuyang'anira, opareshoni kapena kuocha ndi makina. Ikatuluka pang'ono, kaŵiri-kaŵiri amaphatikiza kuocha ndi mankhwala otsitsa mphamvu ya cimuna yochedwa testosterone, imene kansayi imadyera. Ikafika ku mafupa siicotsekanso, koma imagwirika, nthawi zina kwa zaka zingapo. Njira imeneyi inapezedwa ndi Dotolo Charles Huggins wa ku Chicago mu 1941, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1966. Testosterone imatsitsidwa ndi nyeleti ya mwezi ndi mwezi kapena ya miyezi itatu iliyonse, monga goserelin, kapena ndi kaopareshoni kocotsa za m'kati mwa macende. Kaopareshoniko abambo ambiri amakaopa, ndipo m'pomveka, koma kamacitika kamodzi kokha, pamene nyeleti imafuna ulendo wa ku Lusaka wosadumpha. Ndi nkhani yofunika bambo ndi mai aikambirane awiri pamaso pa dotolo.

Cipatala cacikulu ca matendawa ndi Cancer Diseases Hospital, cimene cili pafupi ndi UTH. Cinayamba kulandira odwala mu 2006 ndipo cinatsegulidwa ndi malemu a Levy Mwanawasa mu 2007. Cisanamangidwe, ofunika kuochedwa ndi makina anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Opita kumeneko amafunika kalata yotumizira, ndipo amene ali pa inshuwalansi ya NHIMA anyamule khadi lao ndi kufunsa zimene ilipirira.

Maina odziwika a m'cigawo cino ca Africa aonetsa mbali zonse ziwiri za matendawa. A Joshua Nkomo a ku Zimbabwe anamwalira nao mu 1999, ndipo woimba lipenga Hugh Masekela mu January 2018. Koma Akibishopu Desmond Tutu anapezeka nao mu 1997 ndipo anakhala ndi moyo kufikira December 2021, ali ndi zaka 90. A Nelson Mandela anaochedwa ndi makina kwa masabata 7 mu 2001, ndipo anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 95.

Pa tsiku lokatenga zotuluka ndi bwino bambo apite ndi mkazi wake kapena mwana wamkulu, pakuti munthu akamva liu lakuti kansa makutu amatsekeka, ndipo zonse zotsatira zimapita ndi mphepo. Woperekezayo afunse ndi kulemba m'kabuku: Gleason ndi zingati kuphatikiza zingati, gulu ndi lacingati, tinyama tingati pa tingati tili ndi kansa, PSA ili pati, ndipo kodi pafunika kujambula mafupa. Pepala la ku labu lijambulidwe pa fotokope ndi kusungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi mapepala onse a PSA, akale ndi atsopano, cifukwa dotolo aliyense wa kutsogolo adzawafuna, ndipo likatayika pangafunike kubayidwanso.

Kwa banja limene lauzidwa kuti kansa ili m'gulu 4 kapena 5, kapena kuti yafika ku mafupa, pali zizindikiro zosayenera kugonera. Ngati msana wayamba kuwawa kolimba mwatsopano, miyendo yacita dzanzi kapena yafooka kotero bambo apunthwa poyenda, kapena mkodzo ndi cimbudzi zituluka iye osadziwa, ndiye kuti mwina kansa yafinya mtsempha waukulu wa m'fupa la msana. Wofika ku cipatala akali kuyenda ndi miyendo yake ali ndi mpata wabwino wopitiriza kuyenda, koma amene wagona masiku angapo miyendo itafa kaŵiri-kaŵiri sadzukanso. Zikatero banja lisayembekezere tsiku lolembedwa pa khadi. Lipeze galimoto tsiku lomwelo, usana kapena usiku, mapepala onse ali m'manja.